Phunziro la aGregório la Mabakiteriya

"Ku Maniamba ndinkaphunzitsa zinthu zoti ngakhale madokotala a ku Lichinga sazidziwa."

Anali aGregório, pamzere wolandirira ufa ku Metangula, m'chaka cha 1986. Ine ndinangoyang'ana nsapato zawo za tayala. Nkhondo inatibweretsera akuluakulu ambiri opanda mapepala.

Mapepala awo a uphunzitsi anapsera limodzi ndi sukulu. Popanda mapepala panalibe ntchito, ndipo ana awo awiri ankagonera masamba a chinangwa. Ndiye mkulu wa maphunziro, aTimoteo, anati aphunzitse pagulu timve.

Tinakhala pansi pa mango, asodzi ndi amayi ogulitsa usipa. AGregório anajambula pamchenga ndi bango.

"M'matumbo mwanu muli mabakiteriya. Kabakiteriya kali ndi malangizo atatu, majene, ogayira shuga wa mumkaka. Ali pamzere ngati ngalawa zitatu zomangidwa chingwe chimodzi. Mzerewo dzina lake ndi 'opelawo'. Pachingwepo pakhala mlonda. Kopanda mkaka, ngalawa sizichoka."

"Wanzeru mlondayo," anatero msodzi wina. "Kupalasa kopanda nsomba n'kutha mafupa."

Anthu anaseka. AGregório anati, "Mkaka ukabwera," n'kulekeza pomwepo. ATimoteo anatseka cholembera.

Mtsikana wina wobereka mwana, Yuniya, anaimirira, n'kusolola kope lakuda ndi utsi mumtanga wa usipa.

"Aphunzitsi, n'pomwepa pamene munalekeza m'kalasi mwathu ku Maniamba. Munati, 'Mkaka ukabwera,' mfuti zinayamba. Munati tithawe, mudzamaliza mawa."

"Munalipo angati tsiku lija?"

"Makumi awiri ndi anayi."

"Ena ali kuti?"

"Yonasi ndinamva kuti ali ku Likoma."

Sanatchule wina. Ifenso sitinafunse.

AGregório anagwada pamchenga paja. "Lemba, mwanawe. Mkaka ukabwera, shuga wake amagwira mlonda, mlonda amasiya chingwe. Ngalawa zitatu zimanyamuka pamodzi, shuga n'kugayidwa. Shuga akatha, mlonda amabwerera pamalo pake. Basi. Phunziro lonse linali lomwelo."

"Lalifupi chonchi?" anafunsa Yuniya.

"Likanatha belu lisanalire."

ATimoteo anadinda pepala lowalola kuphunzitsa osakweza mutu. AGregório sanalitambasulire dzanja msanga. Anali akuwerenga zimene Yuniya walemba, n'kumukonzera chilembo chimodzi.

"Tsiku ndilembe la lero, aphunzitsi?"

"Ayi. Lisiye la ku Maniamba lomwe lili pamwambapo."