Tsiku Limene Mayi Tomie Anayenda Okha

Chizuru anapeza apongozi ake atakhala m'mphepete mwa bedi, akudzola zofiira pamilomo. Mayi Tomie omwewa, amene chiyambire nyengo yachisanu ankachita kuwanyamula popita kuchimbudzi, lero anali atapesa okha tsitsi.

"Amayi, ukwati wake ngwa ndani?"

"Kukubwera mlendo. Mukufuna andipeze ndili ngati chiguduli? Tandipatsani kimono yanga yabuluu ija, yovala pamwambo."

Mlendoyo anali a Kuwabara a ku ofesi ya mzinda, odzaona mmene nkhalambayo yafookera kuti inshuwalansi ya boma yosamalira okalamba idziwe thandizo loyenera. Akawapeza ofooka kwambiri, wosamalira azibwera tsiku ndi tsiku kudzawasambitsa ndi kuwadyetsa, Chizuru n'kubwerera kuntchito yake yophikira ana asukulu. Kumeneko anali atamuuza kale kuti mwezi ukatha asanaoneke, malo ake alowa wina. Mwamuna wake Noboru ankagwira ntchito kumzinda wakutali wa Nagoya, ndipo amayi akewo ankawakonda kwabasi, pafoni.

"Chonde amayi, lero munene zoona. Zimene simutha, nenani kuti simutha."

"Ine ndinayamba ndanamapo?"

A Kuwabara atangovula nsapato pakhomo, kunachitika zodabwitsa. Mayi Tomie anatuluka kuchipinda akuyenda okha, nsonga za zala zili kukhoma ngati akungofufuza fumbi. Anagwada pamkeka, n'kuwerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda pansi, kenako anathira tiyi osataya ndi dontho lomwe. Chizuru mkwiyo unamufika pakhosi. Ndiye kuti msana wakewu wakhala ukuthyokera munthu wa miyendo yake?

"Agogo, kusamba mumasamba nokha?" anafunsa mlendoyo.

"Aa, bambo inu, nanga andisambitse ndani? Ndine khanda ine?"

"Nanga kuchimbudzi?"

"Funso limenelo mumawafunsanso amayi anu?"

A Kuwabara anaseka mpaka kupukuta misozi.

Chizuru anatsegula pakamwa. Akanatha kutchula matewera obisika kuseri kwa kabati, phala la mpunga lochita kuwamwetsa ndi sipuni, zilonda za m'chiuno. Koma anaona khosi la apongozi ake likunjenjemera, thukuta likuyenderera kuseri kwa khutu, maso ali pa iye mopempha. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Anameza mawu akewo, nadzitonthoza kuti akawanena panja poperekeza mlendo.

Nkhalambayo inali itamuona kale.

"Mlendo wa kwathu kuno kwa Horiuchi amaperekezedwa ndi mwini nyumba," anatero Mayi Tomie podzuka. Anakolowekera dzanja pamkono wa Chizuru ngati chikondi, chonsecho thupi lonse analitsamiritsa pa iye. Anapita choncho mpaka kuchipata, osamutaya ngakhale pang'ono.

"Muli ndi mwayi, mayi," a Kuwabara anauza Chizuru potsegula galimoto. "Anzawo amsinkhu umenewu salidziwa ndi dzina lawo lomwe. Ogamula ndi akomiti, komabe kwa anthu amphamvu chonchi musayembekezere zambiri."

"Bambo, kungoti..."

Zikhadabo zinamulowa pamkono.

"Muyende bwino, bambo," anatero Mayi Tomie. "Mpongozi wangayu amandilera ngati dzira."

Anawerama, ndipo Chizuru anawerama nawo, chifukwa mlendo satembenukiridwa msana asanazimiririke. Anaima chiweramire mpaka galimoto inakhota kuseri kwa minda ya mpunga.

Pomwepo mawondo a nkhalamba anagonja. Anakhala pansi pamiyala, kimono ija ikuda ndi chinyezi kuyambira m'chiuno kutsika. Chizuru anawayang'ana, ndipo kwa kanthawi anadana nawo ndi mtima wake wonse. Mlendo ndi mame, anali atakamuka kale, ndipo pachipata panatsala iwo awiri. Ananjuta, n'kuwakokera kumsana.

"Mwaona?" ananong'ona Mayi Tomie, mpweya uli wefuwefu m'khutu mwake. "Sindinakuchititseni manyazi. Akasimba kuofesiko kuti kwa Horiuchi kuli mpongozi wodziwa kusamala. Sitifuna anthu achilendo m'nyumba muno, si choncho?"

Chizuru anadzuka nawo pang'onopang'ono, chinyezi chija chikulowerera m'malaya ake.

"Gwiritsani khosi langa, amayi," anatero. "Ntchito yanga tsopano ndi yomweyi."