Phewa la Teta Ljubinka

Kusukulu yathu ya gule wa pamzati, pamwamba pa shopu ya zitumbuwa zotchedwa burek mumzinda wa Kragujevac, ulemu wa munthu unali mikwingwirima yake. Tikamavula majuzi tinkaonetsana ntchafu, wina n'kumati, "Taona iyi, ya dzulo iyi!" Wopanda bala ankavulira kukona mwamanyazi.

Mphunzitsi wathu Tijana anali ndi mfundo imodzi yokha: chosapweteka si gule. Ukalendewera chadodolido ndi bondo limodzi, nkhope itafiira ngati tsabola, m'pamene ankati, "Eya, tsopano wayamba kukhala munthu."

Ndiye kunabwera Teta Ljubinka, kapena kuti azakhali a Ljubinka m'chinenero chathu, mayi wamasiye wa imvi zake. Iwo za kudenga analibe nazo ntchito. Ankangofuna kugwira mzati ndi dzanja limodzi n'kumauzungulira pang'onopang'ono, ikuimba nyimbo yakale imene ankavina ndi malemu amuna awo. Ankafuna kutero kamodzi kokha pamaso pa anthu, pachionetsero cha kumapeto kwa chaka, mwana wawo Zorica akuonera. Basi.

"Teta, zimenezo n'zotenthetsera thupi," anatero Tijana. "Anthu abwere kudzaona munthu akuyenda? Si ayenda kale pobwera kuno?"

"Koma mwanawe, ine zimandikoma."

"Zokomazo kachitireni kukhitchini. Pasiteji amakwera amene wafika gawo lachitatu, ndipo gawo lachitatu ndi chadodolido."

Mayi aja sanagwe ulesi. Anasiya kudzola mafuta kuopa kuterera, khungu linachita kuti mbuu. Anagwa, anadzuka, anagwanso, mpaka tsiku lina miyendo inaloza kudenga. Tijana anaomba m'manja n'kuwalola kudzakwera pasiteji. Koma sabata ya chionetsero, akubwereza, phewa lamanja linaguluka. Dokotala anawaletsa kunyamula ngakhale thumba la anyezi.

Kuwachotsa pachionetsero kunavuta, poti Zorica anali atakwera kale basi kuchokera ku Stuttgart.

"Chabwino, kachiteni zanu zoyendazo," anadandaula Tijana. "Ndikuikani pa nthawi yopuma, anthu akamatuluka kukasuta."

Tsikulo ife tinakwera mmodzimmodzi, kudzipotokola ngati zovala zofinya. Anthu ankaomba m'manja momwe amaombera munthu akapulumuka pangozi. Bambo wina kutsogolo anafunsa mkazi wake ngati ambulansi ili pafupi.

Kenako anatulukira Teta. Anagwira mzati ndi dzanja lamanzere, phewa lamanja litagwera pansi chifukwa cha ululu, n'kuyamba kuzungulira. Sanadumphe, sanakwere. Ankangoyenda, nthawi zina kutsamira mutu pamzati ngati pachifuwa cha munthu. Muholo munangoti zii. Amene anali atafika pakhomo anabwerera, ndudu zili m'manja zosayatsa. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo Zorica analira kuposa tonse. Nyimbo itatha anthu anaimirira, chinthu chimene sanatichitire ife ndi mikwingwirima yathu yonse ija.

Ndinaganiza kuti Tijana waphunzirapo kanthu. Aa, ndinali ndisanamudziwe!

Chaka chatsopano chitangoyamba analengeza phunziro latsopano, gawo lachisanu, dzina lake Kuyenda Mwakuya. "Musalione kuphweka," anatichenjeza. "N'lovuta kuposa chadodolido. Si la aliyense."

Teta anafika tsiku loyamba, phewa litapola, akumwetulira.

"Pepani Teta, lino ndi gawo lachisanu," anatero Tijana ataima pakhomo. "Inu mukadali lachitatu."

"Iwe mwana, kuyendako si kwanga komwe?"

"Inu munayenda chifukwa chovulala, imeneyo ndi ngozi. Ife tikuyenda mwadala, limenelo ndi luso."

Titawapepesera tonse, anawalola kuyesa kamodzi. Teta anagwira mzati nazungulira mofatsa, msana uli chilili, nkhope ikuwala. Kunena zoona anavina bwino kuposa tsiku lija. Tijana anapukusa mutu.

"Mwaona atsikana? Izi ndiye zolakwika zimene ndimanena. Phewa lili m'mwamba, nkhope ikuseka. Phewa lamanja lizigwera pansi, ndipo nkhope izionetsa kuti mukumva kuwawa. Teta, mukufunika maziko. Bwererani kugawo lanu."

Teta anamuyang'ana. Anavala jasi lawo ndi manja onse awiri, anatsika masitepe, ndipo sanabwerenso.

Ife tinatsala, atsikana athanzi bwinobwino, tikuzungulira mizati mapewa titawapendeketsa, nkhope zili tsinyaa. Mwezi usanathe, mnzanga Dunja ndi ine tinali pamzere kwa dokotala, makosi atauma gwa.

Tijana atamva anasangalala zedi.

"Ndinakuuzani kuti n'lovuta," anatero. "Tsopano mwayamba kulimvetsa."