Sikelo Pafakitale ya Makamera

Ndalumikiza makamera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pa tebulo lomwelomwelo lachinayi pafupi ndi zenera, ndipo sindinaikepo m'thumba ngakhale kasikuluwu kamodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake mtima unandiwawa tsiku limene anatibweretsera sikelo.

Anabwera nayo mlendo wina wamtali, wa magalasi, wosadziwa moni. Abwana anangoti, "Awa tikhala nawo masabata atatu," basi. Amayi a pamzere wathu anamupatsa dzina pompo: Kasikelo. Ukamaliza kamera, iye ankabwera, kuinyamula, kuiika pasikelo, n'kulemba m'kabuku pambali pa nambala ya tebulo lako. Zoti ikujambula bwino kapena ayi, analibe nazo ntchito.

Masiku amenewo mphekesera inali ponseponse yoti kampani iyamba kupanga makamera a madironi, tindege tija timauluka topanda munthu. Tinafunsa kapitawo, iye n'kuti, "Sizinatsimikizike." Aaa! Akuluakulu akamati sizinatsimikizike, dziwa kuti anamaliza kale, kungoti iwe mulibemo.

Patatha sabata, nthawi yopuma ndinapita kugeti kwa alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amene ndi mlonda pafakitalepo.

"Alamu, sikelo ija ndi ya chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Musati mwamva kwa ine. Za madironizo n'zongotiphimba m'maso. Kosungira katundu kukusowa tizitsulo, ndiye akusaka wakuba. Kamera ya munthu ikapepuka, ndiye kuti wasiya kena kake n'kuponya m'thumba."

"Mwazitenga kuti zimenezi?"

"Pageti pano palibe chodutsa ine osachimva, alamu."

Alamu angawo bodza sachita kulifuna, ndimawadziwa. Koma tsiku limenelo zimene ananena zinandilowa. Nanga munthu angayeze kamera ngati akugula nyama chifukwa chiyani?

Mawa lake Kasikelo anaiwala kabuku kake pa tebulo la kapitawo. Ndinapita ngati ndikukatenga guluu, n'kusuzumira. Mayo ine! Tebulo lachinayi ndilo linali ndi nambala yotsika kuposa onse, ndipo pansi pake anali atalembapo mizere iwiri ndi cholembera chofiira. Ndinabwerera msanga pa tebulo langa. Dzanja langa ndi lopepuka kuyambira kale: guluu ndimadonthezera pang'ono, mawaya ndimadula ofupika, sindisiya chotsalira m'kati. Koma zimenezo ukazifotokozere ndani atakuika kale m'gulu la akuba? Amuna anga msana unawakhazika pansi, pakhomo ndimadyetsa ndine. Pa msinkhu wangawu, ndi mbiri yakuba, angandilembe ntchito ndani?

Ndinati chabwino, mukufuna zolemera, muziona. Guluu ndinayamba kupaka ngati ndikumata khoma. Mawaya ndinkasiya aatali n'kuwapinda m'kati. Pansi pa sikuluwu iliyonse ndinkaikapo kamphete kachitsulo kowonjezera.

Kasikelo anayeza, anachita tsinya, anayezanso. Kenako anandiyankhula koyamba.

"Mayi, mwasintha chiyani?"

"Palibe, bambo. Ndimagwira chonchi kuyambira kale."

"Nanga zopepuka zija za sabata yatha analumikiza ndani?"

Ndinaona msampha poyera. Akufuna ndivomere ndi pakamwa panga! Pambali panga, pa tebulo lachisanu, pamakhala Make Mapasa, mnzanga wa zaka zisanu ndi zinayi, amene timabwerekana sikuludiraiva ndi kugawana mankhwala a mutu. Nthawi imeneyo anali atatuluka. Sindikudziwa chimene chinandigwira.

"Sabata yatha dzanja linkandipweteka," ndinatero. "Anandithandiza ndi a tebulo lachisanuwa."

Analemba m'kabuku, n'kuchoka. Manyazi anandigwira, sindibisa. Koma ndinadziuza kuti Make Mapasa ndi wachitsikana, akamuchotsa apeza pena. Masiku otsalawo ndinkamupatsa moni mokweza kuposa kale.

Lachisanu lomaliza abwana anatisonkhanitsa pakati pa matebulo. Kasikelo anatsegula bokosi n'kutulutsa dironi, kanthu ka mapiko anayi kokhala ngati nkhanu. Anakaulutsa mpaka kudenga, amayi ena n'kubisa mitu.

"Zatsimikizika," anatero abwana. "Tiyamba makamera a tindegeti. Koma kandege aka sikanyamula katundu wolemera. Galamu iliyonse yowonjezera imadya batire. N'chifukwa chake timayeza, kuti tipeze manja opepuka. Sitinakuuzeni dala, pofuna kuti aliyense agwire monga amagwirira masiku onse."

Anawerenga matebulo asanu ndi limodzi opita ku mzere watsopano, ndipo woyang'anira anati akhala Make Mapasa. Otsalafe tipitiriza makamera akale mpaka kumapeto kwa chaka, kenako aona. Tebulo lachinayi sanalitchule.

Ndinafuna kukuwa kuti zopepuka zija n'zanga. Koma ndikanayamba bwanji? Kuti ndinanama? Kuti makamera makumi anayi ndawadzaza guluu dala? Ndinaomba m'manja limodzi ndi anzanga.

Anthu atabalalika, Make Mapasa anabwera kudzalongedza zida zake. Ndinayesa kuseka.

"Zabwino zonse, abwana atsopano. Musatiiwale ife apansi."

Sanaseke. Anapukuta sikuludiraiva yake pang'onopang'ono, n'kuiika m'kabokosi.

"Kasikelo wandiuza kuti munamuuza ndinu zoti zopepuka zija ndinalumikiza ine," anatero. "Ine sindinagwirepo kamera yanu, achemwali."

"Ndinkafuna kukuthandizani, nanga si muli ndi ana awiri..."

"Musavutike." Anatseka kabokosi kaja n'kundiyang'ana m'maso. "Alamu anu aja anandiuza inenso za akuba, tsiku lomwelo. Ndikudziwa chimene munkaganiza kuti mukundipatsa."