Theka la Chilembo

Patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni mwamuna wake m'manda, Tusekele analandira foni kuchokera kwa Bambo Flywell Nyirenda, mlembi wa mpingo wawo ku Kawale. Anayamba ndi kupepesa kwa nthawi yaitali asanafike pa nkhani. Kompyuta ya mu ofesi ya tchalitchi inkakana dzina la malemu Chaŵezi, mwamuna wa Tusekeleyo. Iwo ankafuna kulichotsa pa mndandanda wa akhristu amoyo n'kuliika pa wa omwalira, koma iyo inkangoyankha kuti munthu wotero kulibe.

Tusekele ndiye analemba pulogalamuyo zaka zitatu zapitazo, atangomaliza maphunziro a makompyuta. Anawauza kuti abwera m'mawa mwake. Apongozi ake, amene anali asanabwerere ku Rumphi, anati sanayenere kuyamba kuyendayenda msanga chotere. Iye anamvera mpaka atamaliza kulankhula, kenako anamanga duku lakuda n'kukakwera minibasi ya m'tauni kuchokera ku Area 25.

Ofesiyo inali kachipinda kuseri kwa tchalitchi, kodzaza mabuku a nyimbo othothoka zikuto. Kompyuta yake inali yakale, sikirini yakuda ya zilembo zoyera basi, yoyendera mabatani okhaokha. Tusekele anapempha mlembiyo kuti amuonetse mmene amachitira.

Bambo Nyirenda anavala magalasi n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi. Atafika pa ŵ, chilembo cha kachipewa pamwamba chimene chimafuna mabatani awiri pamodzi, chala chawo chinachedwa kunyamuka ndipo chilembocho chinatuluka kawiri. Anafufuta chimodzi monga ankachitira nthawi zonse. Dzina linaoneka bwinobwino pa sikirini. Kompyuta inati kulibe.

Tusekele anadziwa vutolo asanakhale n'komwe pampando. Anawafotokozera kuti zilembo wamba kompyuta imazisunga m'kachidutswa kamodzi, koma ŵ imamusunga m'tizidutswa tiwiri. Pulogalamu yake, munthu akadina batani lofufutira, inkachotsa kachidutswa kamodzi kokha. Theka la chilembo linkatsalira m'dzinamo mosaoneka.

"Ndiye kuti ndine ndinalakwitsa?" anafunsa Bambo Nyirenda.

"Ayi, bambo. Ndine. Sindinaganizire."

Anatsegula pulogalamuyo n'kupeza mzere wa batani lofufutira. Anaukonza kuti uzibwerera m'mbuyo mpaka pamene chilembo chayambira. Inali mizere inayi. Ankamva amayi a kwaya akuyeserera nyimbo m'tchalitchimo, akubwereza ndime imodzimodzi. Inali imodzi mwa zimene zinaimbidwa pa maliro. Anaizindikira ngati mmene munthu amazindikirira nambala ya galimoto, osamva kanthu.

Kuti aone ngati zatheka, anayenera kulemba dzinalo n'kulifufuta. Analemba Chaŵezi, n'kulifufuta chilembo chimodzichimodzi. Analembanso, n'kuyesa kufufuta chapakati. Anayesa ndi zilembo zikuluzikulu. Anachita zimenezi mwina kakhumi. Bambo Nyirenda anaima kumbuyo kwake, kenako anatuluka ati akafunefune madzi akumwa, ndipo anachedwa kubwera.

Atabwera, dzina linali litapezeka. Pa sikirini panali zonse: Chaŵezi Msiska, wobatizidwa ku Rumphi, wokwatira, wa m'dera la Area 25. Pansi pake pulogalamu inkafunsa ngati alisamutsire kwa omwalira. Funsolo analilemba ndi Tusekele yemwe, ndipo anaona kuti anaiwala kuika chizindikiro cha funso kumapeto.

"Mayi Msiska, lekani ndidine ineyo," anatero Bambo Nyirenda motsitsa mawu.

Koma iye anali atadina kale. Pulogalamu inafunsa tsiku, iye analilemba. Sikirini inabwerera poyambira.

Kenako Bambo Nyirenda anatchula vuto lina: akadina batani la muvi woloza kumwamba, m'malo mokwera pa dzina lapamwamba pankatuluka tizizindikiro tachilendo. Anafulumira kunena kuti zimenezo zikhoza kudikira mwezi wina.

Tusekele anati akonzeratu. Batanilo linkatumiza zizindikiro zitatu motsatizana, ndipo pulogalamu inkaziwerenga ngati zilembo zitatu zosiyana. Ntchitoyo inamutengera mpaka masana. Kwaya inabalalika, madzi aja anafunda m'kapu osamwedwa.

Pobwerera anatsika minibasi siteji imodzi asanafike kwawo, osadziwa chifukwa chake, ndipo anayenda wapansi mtunda wotsalawo. Apongozi ake anamufunsa ngati zinayenda bwino. Anati eya, n'kupita kukaanula zovala pachingwe.