Tebulo la Malemu Kafupi

"Mwayambanso, alamu," anatero mlongo wa malemu mwamuna wa telala ataima pakhomo la shopu. "Ndakumvani ndili panja. Mukukukuta mano ngati mbuzi yodwala."

Telalayo, amene anthu ankamutcha Nsungwi chifukwa cha kutalika, sanadzutse mutu. Anali atapindikira pa makina, chibwano pafupi ndi nsalu, nsagwada zili gwa. Atati adule ulusi ndi mano monga mwa masiku onse, dzino linabenthuka. Analavulira kachidutswako m'dzanja, mantha n'kumugwira.

Khosi linali litauma kwa miyezi, mapewa ngati wasenza thumba la simenti, ndipo zala zinkachita dzanzi mpaka singano kugwa yokha. Dokotala wa mano anali atamuchenjeza kale kuti akapitiriza kukhala chowerama ndi kuluma mano tsiku lonse, adzatsala ndi nkhama zokha. Mwana wake wamwamuna atamva zimenezi anagamula: pakutha pa mwezi adzatseka shopu, amayi akapume kwa iye. Nsungwi sankafuna n'kumva komwe. Akakhale pakhonde la mpongozi kudikira kuitanidwa ku chakudya, manja ali nawo?

"Matenda anu ndi tebuloli," anatero mlamuyo. "Achimwene anali kachitsa, analidula miyendo kuti liwakwane. Inu mukudzipinda kuti mukwane pamalo pawo. Zaka zitatu chimwalirire iwo!"

"Tebulo ili sakhudza munthu. Analisiya chonchi."

"Anasiyanso nsapato. Bwanji simuvala?"

Nsungwi anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka, nsagwada n'kumulasa mpaka m'khutu.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu. Kafupi ndi mlongo wanga, ndinamulira ngati inu. Koma sanakukwatireni kuti mudzafupike."

Mlamu atapita, Nsungwi anayang'anitsitsa tebulo lija. Zoona zake ankazidziwa. Akawerama pamenepo ankamva ngati mwamuna wake wangotuluka pang'ono kukagula ulusi, ndipo ankaopa kuti tebulo likasintha ndiye kuti wapitadi.

Maso ake anagwera pa timatabwa tinayi timene ankapsinjira nsalu podula. Tinali titasalala ndi manja. Anatenga kamodzi n'kukayerekeza ndi mwendo wa tebulo. Kanakwana ndendende, ngakhale pamene macheka anakhota. Anakumbukira tsiku limene Kafupi ankadula miyendoyo, thukuta lili kamukamu, akunena kuti, "Tizidutswati usataye, mayi. Mtengo sutayidwa."

Anatsitsa yekha makina, n'kugubuduza tebulo miyendo m'mwamba, n'kukaitana kalipentala wa shopu yoyandikana nayo.

"Ndikupangireni latsopano, mayi, ili latopa."

"Ayi, bambo. Bwezeretsani izi pomwe zinachoka. Mulimbitse ndi zitsulo."

Dzuwa lisanapendeke, tebulo linali litaima pa msinkhu wake wakale. Nsungwi anakhala pampando, msana chilili, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona msewu kudzera pawindo akusoka. Misozi inatsika, koma sanaipukute. Mano atayamba kufunana, anawalekanitsa, n'kutsitsa mapewa. Ulusi anadula ndi sizasi.

Foni inalira. Anali mwana wake.

"Amayi, galimoto yodzatenga katundu ndaipeza."

"Uibweze, mwanawe. Ngati ukufuna kundithandiza, undiperekeze kwa dokotala Lachisanu."

"Nanga shopu?"

"Shopu ndi yotsegula. Bambo ako andisunthira, malowa ndi anga tsopano."