Kukwezedwa kwa Mayi Pensulo

Pa kampani ina yosindikiza mabuku a ana aliyense ankamutchula Mayi Pensulo. Ntchito yake inali kujambula zithunzi za m'mabukumo, ndipo dzanja anali nalo. Akajambula mwana akulira, munthu unkachita kufuna kumutonthoza.

Tsiku lina bwana wamkulu anamuitana n'kumupatsa moni wa manja awiri.

"Mayi, takukwezani. Kuyambira Lolemba ndinu woyang'anira ojambula onse."

Kunyumba mwamuna wake anavina ali ndi thaulo m'khosi. Anaimbira foni abale onse, ngakhale alamu ake amene sankalankhulana nawo. Nayenso Mayi Pensulo anakondwa, osanama ayi.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Anamupatsa ofesi ya magalasi ndi mpando wozungulira. Tebulo lake lopendekeka, lamadontho a inki, linatsala m'chipinda cha ojambula, ndipo posakhalitsa wina anaikapo ketulo ndi makapu. Ntchito yake tsopano inali misonkhano. Pena ankachita msonkhano wokonzekera msonkhano wina. Bwana ankalankhula za liwiro basi, ngati akuyendetsa kampani ya mabasi. Mayi Pensulo ankangokhala pamenepo zala zikumuyabwa, akuonera pagalasi anzake atawerama pa mapepala.

Pamene ankakwezedwa n'kuti ali pakati pojambula buku la kamtsikana koopa galu wa aneba. Bwana analipereka kwa wojambula wina wotchedwa Chimphepo, munthu wabwinobwino koma wothamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Bukulo litabwera kuchokera ku makina, Mayi Pensulo analitsegula ataimirira. Galu akumwetulira. Kamtsikana kakumwetulira. Ngakhale mpanda unkaoneka wosangalala. Tsamba limene iye analivutikira kwambiri, pamene kamtsikana kabisala kuseri kwa chitseko n'kumaoneka diso limodzi lokha ndi tizala togwira m'mphepete, munalibemo.

Analowa kwa bwana osagogoda, n'kuponya bukulo pa desiki mpaka supuni inalumpha m'kapu.

"Bwana, mantha a mwanayu apita kuti?"

"Khalani pansi, mayi."

"Ndakhala pansi mokwanira! Buku lonseli ndi la mantha. Mwana amene akuopa galu kwawo akatsegula aonamo chiyani? Mano okhaokha?"

"Latuluka msanga. Ndi zimene tikufuna. Komanso inu zimenezi munazidutsa. Takukwezani kuti muziona patali."

"Mwandikweza ngati katundu wa padenga la basi. Ndili pamwamba, inde, koma ndine womangidwa ndi zingwe. Munaona kuti ndimatha kujambula, ndiye mphoto yake n'kundilanda pensulo? Munthu akamaimba bwino mumam'tseka pakamwa n'kumupatsa makiyi a holo?"

Bwana anavula magalasi ake. "Anthu amalirira udindo umenewu."

"Apatseni oliriawo. Ine ndibwezereni tebulo langa."

"Mukatsika, simudzakweranso. Ndipo anthu adzanena kuti munalephera."

"Anene. Pakamwa mpawo."

Mayi Pensulo anatuluka. Ojambula onse anali atamva, poti magalasi sabisa mawu, ndipo aliyense anakhala ngati watanganidwa. Chimphepo yekha anadzutsa mutu.

"Achemwali, tsamba lija ndinalisiya chifukwa linandikanika. Ndinayesa, koma diso lija silinkatheka."

Mawu amenewa anamubaya kuposa a bwana. Iye ndiye anali woyang'anira, koma sanapeze mpata woima pa tebulo la mnzakeyo n'kumuonetsa. Nthawi yonseyo anali m'misonkhano.

Kunyumba nkhondo inali ina. Mwamuna wake atamva anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Amayi a mwana, mwatani? Ine abale ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti mkazi wanu ndi wojambula. Munandikwatira ndili ndi inki m'zikhadabo, simunadandaule."

"Koma munthu amayenera kupita patsogolo."

"Patsogolo pake mpati? Pakhomo pano mwandimvapo ndikuseka chikwezedwereni? Dzulo mwana anandipempha kuti ndimujambulire njinga, ine ndinamukalipira. Mwana wanga yemwe! Ndiye kutsogoloko?"

Mwamunayo anatuluka kukakhala pakhonde, ndipo kwa masiku angapo ankangolankhula zofunsa kumene kuli masokosi ake.

Bwana anavomera kumutsitsa udindo, koma mokwiya. Udindo anaupereka kwa munthu wochokera kunja amene sankadziwa ndi kusongola pensulo komwe. Bwanayo sanam'bwezere Mayi Pensulo malo ake akale a pawindo. Tebulo lake analikankhira pakona, pafupi ndi makina okopera mapepala amene ankalira tsiku lonse n'kumatulutsa mpweya wotentha. Ena ankamulambalala ngati kutsika udindo n'kopatsirana.

Mkwiyo sunamuchoke, koma tsopano unali ndi kopita. Buku lotsatira linali la ng'ona yolusa, ndipo anaijambula ndi mtima wake wonse: chipumi chotakata, tsaya lolendewera, maso aang'ono osakhutira ndi chilichonse. Anangosowapo magalasi a bwana okha. Woyang'anira watsopano anatenga zithunzizo kupita nazo kwa bwana, ojambula onse atagwira pakamwa.

Bwana anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulukira pakhomo.

"Mayi, ng'ona iyi ndi yamoyo. Ikuchita ngati ndinaionapo penapake."

"N'kutheka, bwana," anatero Mayi Pensulo osadzutsa mutu. "Zilipo zambiri."

Bwana analamula kuti ng'onayo iikidwe pachikuto.