Ndalonga Kale

A Jeremiya, amuna a Evelesi, anali mlonda pa esiteti ina ya nzimbe kumunsi kwa Chikwawa. Matumba a feteleza atasowa, apolisi sanadzivute ndi kufufuza. Anangothira unyolo mlondayo, poti ndiye anali pafupi.

Tsiku lachitatu Evelesi anapita kupolisiko ndi mbatata yophika. Anamukhazika pabenchi padzuwa lija la ku Chigwa, loswa mtengo. Ali pompo anamva kulira kuseri kwa khoma, ndipo mawuwo anawadziwa.

Wofunsa anali wapolisi wochokera kumtunda, wosadziwa Chisena ngakhale moni. Ankafuna kumva za matumbawo, ndipo a Jeremiya, ululu utawabwezera ku chilankhulo cha amayi awo, ankayankha kuti, "Ndalonga kale, bwana. Ndalonga pyonsene."

Pa Chisena kulonga ndi kulankhula. Bambowo ankati anena kale zonse. Koma bwanayo ankamva zakuti wapakira yekha katunduyo, ndiye ankafunsa kuti walonga m'galimoto ya yani, paipi yomwe ankawamenyera n'kutsikanso. Iwo akalira kuti alonga, iye n'kuwonjezera. Munthu ankaphedwa ndi liwu limodzi, anthu inu, liwu loti mwana aliyense wa kwawo ku Ndamera akanamasulira.

Mayiyo anathamangira pakauntala n'kugwada. Pamenepo panali wapolisi wamkazi, Prudence, Msena mnzake, amene ankamva zonsezo bwinobwino. Evelesi anamupempha kuti angolowa akawauze tanthauzo lake. Prudence anayang'ana chitseko, kenako zikhadabo zake, nanong'ona kuti amene ali mkatimo ndi bwana wake, ndipo iye ali ndi ana.

Kulira kuja kunayamba kuchepa mphamvu. Evelesi anachita mantha kuposa poyamba. Anasowa mtengo wogwira, choncho anakakamira pakhoma n'kufuula ndi mphamvu zake zonse.

"Bambo a Yamiko, lekani kulonga!"

Chitseko chinatseguka, bwana uja n'kutuluka akupukuta thukuta, nkhope ili mwee ngati mlenje amene wakola ziwiri.

"Oho, kani mayi mukudziwa kuti amalonga? Prudence, avule nsapato awa, alowe m'chitokosi."

Prudence anawerama nayamba kumasula lamba wa nsapato ya Evelesi ya kumanzere. Kuseri kwa khoma a Jeremiya anali atamvera akazi awo. Sankalonganso kanthu, ndipo Evelesi sanadziwe ngati kunali kumvera kokha.